MIPIKISANO YA PA KANEMA YOSANKHA OSEWERA ZISUDZO ZA NYIMBO

Madzulo a Loweruka pa 16 September, 2006, anthu oposa 7 miliyoni a ku Britain anali tcheru pa wailesi ya kanema ya BBC. Usiku umenewo mtsikana wa zaka 23, dzina lake Connie Fisher, wokulira ku Wales, amene ankapeza chakudya pogulitsa malonda pa telefoni, anasankhidwa kuti akatenge mbali ya Maria m'sewero lotchuka la The Sound of Music. Amene anamusankha sanali mwini sewero kapena wotsogolera osewera iai, koma anthu wamba amene anaimba telefoni ali m'nyumba zao, naponya mavoti oposa 2 miliyoni. Patapita miyezi iwiri yokha mtsikanayo anaimirira pa nsanja ya London Palladium, nyumba ya zisudzo imene mumalowa anthu oposa 2,000, dzina lake lili pakamwa pa dziko lonse.

Anthu ambiri anakondwera ndi mwai wa mtsikanayu. Koma ena, makamaka amene anakalambira pa ntchito ya zisudzo, anapukusa mitu. Mkangano umene unabuka sunali wa mtsikana mmodzi yekha, pakuti unakhudza ulemu wa ntchito ya osewera, chilungamo pa malonda, ndiponso udindo wa wailesi imene imayendera ndalama za anthu onse. Kuti mkanganowu umveke bwino, m'pofunika kuyamba ndi sewero lenilenilo.

SEWERO LA NYIMBO NDI NTCHITO YAKE

Sewero la nyimbo ndi chisudzo chimene nkhani yake imayenda ndi zinthu zitatu pamodzi: kulankhula, kuimba ndi kuvina. Wosewera akafika pamene mau olankhula achepa mphamvu, amayamba nyimbo, ndipo nyimboyo ndi imene imapitiriza nkhani. Masewero otere anazika mizu kwambiri m'malo awiri, dera la West End mu mzinda wa London, ndi dera la Broadway mu mzinda wa New York ku Amereka. Kumeneko sewero limodzi likakondedwa limakhala zaka zambiri likuonetsedwa. Sewero la Les Misérables linayamba mu London m'chaka cha 1985, ndipo la The Phantom of the Opera linayamba mu 1986. Onse awiri anapitirira zaka 30 anthu akuthamangirabe kukawaona.

Ntchito ya wosewera wamkulu m'sewero lotere si yamasewera. Mwambo wake ndi kuonetsa sewero maulendo 8 pa sabata, ndiye kuti masiku ena amasewera kawiri, masana ndi madzulo. Munthuyo ayenera kuimba nyimbo zomwezo ndi mphamvu yomweyo miyezi yambiri, kaya ali ndi chimfine, kaya kunyumba kwagwa zovuta, pakuti amene wagula tikiti lero sakudziwa za dzulo.

Ndalama zake nazonso n'zochititsa mantha. Sewero lisanaonetsedwe ngakhale kamodzi, mwini wake amakhala ataononga kale mapaundi mamiliyoni angapo polipira oimba zing'wenyeng'wenye, osoka zovala, amisiri a matabwa ndi a magetsi, ndiponso lendi ya nyumba. Mipando ikakhala yopanda anthu masabata ochepa okha, chuma chonsecho chimalowa m'madzi. Ichi ndicho chifukwa chake eni masewero amafunafuna munthu wa dzina lomveka kale, woti anthu adzagule matikiti pofuna kumuona iyeyo.

Kuyambira kale, osewera ankasankhidwa m'chipinda chotseka. Wofuna ntchito ankaimba ndi kulankhula pamaso pa anthu ochepa: wotsogolera sewero, woyang'anira nyimbo, ndi mwini ndalama. Wochita bwino ankamuitananso kachiwiri, kachitatu, mpaka atatsala mmodzi. Wokanidwa ankabwerera kwao mwakachetechete, wodziwa za kulephera kwake ali iye yekha ndi abale ake. Ufulu wa osewerawa umatetezedwa ndi bungwe lao lotchedwa Equity, limene linakhazikitsidwa mu 1930.

MMENE ZINAYAMBIRA

Amene anatsegula chitseko cha chipinda chija ndi Bambo Andrew Lloyd Webber, katswiri wopeka nyimbo za masewero monga Jesus Christ Superstar, Evita, Cats ndi The Phantom of the Opera. Bamboyu anafuna kudzutsanso sewero la The Sound of Music, limene nyimbo zake anazikonza Richard Rodgers ndi Oscar Hammerstein. Sewerolo linaonetsedwa koyamba pa Broadway mu 1959, ndipo mu 1965 analisandutsa filimu imene Julie Andrews anatchuka nayo pa dziko lonse. Nkhani yake ndi ya mtsikana wa ku Austria wokonzekera usisitere, amene anatumizidwa kukalera ana 7 a mkulu wina wa asilikali a pamadzi, mkazi wake atamwalira.

Poyamba panali zokambirana zoti mbali ya Maria aitenge Scarlett Johansson, katswiri wa mafilimu wa ku Amereka, koma zokambiranazo sizinabale kanthu. Tsono Bambo Lloyd Webber, pamodzi ndi mnzao pa malondawo Bambo David Ian, anagwirizana ndi BBC kuti Maria afunidwe poyera, dziko lonse likuona. Pologalamuyo anaitcha How Do You Solve a Problem like Maria?, ndipo woulutsa wake anali Graham Norton.

Mpikisano wa luso pa wailesi sunali chinthu chachilendo. Pologalamu ya Opportunity Knocks, imene ankayendetsa Hughie Green, inayamba pa wailesi ya mau mu 1949 isanasamukire pa kanema, ndipo kwa zaka zambiri oonera ankatumiza mavoti ao pa positi. Pologalamu ya Pop Idol inabwera mu 2001, ndipo The X Factor inatsatira mu 2004. Chachilendo mu 2006 chinali mphotho. Wopambana sankalandira chikho kapena mwai wojambula nyimbo chabe, koma ntchito yeniyeni ya miyezi 6, yosenza sewero la ndalama zochuluka pa mapewa ake.

KAYENDETSEDWE KA MPIKISANO

Poyamba atsikana ochuluka zedi anafika m'mizinda yosiyanasiyana kudzayesedwa, ophunzira za zisudzo ndi osaphunzira omwe. Anawapeta monga apetera mphale, mpaka anatsala makumi ochepa amene anawatengera ku maphunziro a masiku angapo. Mwa amenewa anasankhamo 10 okaonekera pa kanema.

Loweruka lililonse atsikanawo ankaimba dziko lonse likuonera nthawi yomweyo. Oweruza ankanena maganizo ao poyera, kenaka oonera ankavota pa telefoni. Awiri opeza mavoti ochepa ankaimbanso mopikisana, ndipo Bambo Lloyd Webber ankapulumutsa mmodzi, winayo napita kwao. Koma pa tsiku lotsiriza bamboyo analibe mphamvu iliyonse. Mau omaliza anali a oonera.

Kuchotsa wolephera kunali ndi mwambo wake, wokonzedwa dala kuti ukhudze mitima. Mu mpikisano wa Maria, otsala ankamuimbira mnzao nyimbo yotsazika. M'mipikisano yotsatira anaonjezera zina: wolephera pa mbali ya Yosefe ankamuvula malaya ake amtundu, wolephera pa mbali ya Nancy ankamuvula kamkanda ka m'khosi, ndipo wolephera pa mbali ya Dorothy ankabweza nsapato zake, namukweza m'mwamba atakhala pa chifanizo cha mwezi. Onsewa ankayenera kuimba mpaka mapeto, misozi ili mbwembwembwe, makina ojambulira ali pafupi ndi nkhope.

MIPIKISANO YOTSATIRA

Fisi akalawa mbuzi sachoka pa khola. Mu 2007 BBC inaonetsa Any Dream Will Do, pofuna mnyamata wosewera Yosefe mwana wa Yakobo m'sewero la Joseph and the Amazing Technicolor Dreamcoat, lolembedwa ndi Bambo Lloyd Webber ndi Bambo Tim Rice kuchokera m'buku la Genesis. Mwa anyamata 12 anapambana Lee Mead, amene anayamba ntchito ku Adelphi Theatre mu July chaka chomwecho. Pa nyengo yomweyo wailesi ya ITV inali ndi mpikisano wakewake wa sewero la Grease, ndipo anapambana Danny Bayne ndi Susan McFadden.

Mu 2008 kunabwera I'd Do Anything, wofuna mtsikana wosewera Nancy m'sewero la Oliver!, limene Lionel Bart analikonza kuchokera m'buku la Charles Dickens lonena za mwana wamasiye wogwa m'manja mwa mbava za mu London. Mwini sewero anali Bambo Cameron Mackintosh, ndipo wopambana anali Jodie Prenger wa ku Blackpool. Mu 2010 mpikisano wa Over the Rainbow unasankha Danielle Hope kukhala Dorothy m'sewero la The Wizard of Oz. Mu 2012 Bambo Lloyd Webber anasamukira ku ITV ndi mpikisano wa Superstar, umene unasankha Ben Forster kusewera mbali ya Yesu.

Nzeruyi inaolokanso nyanja. Ku Amereka wailesi ya NBC inasankha Max Crumm ndi Laura Osnes mu 2007 kuti akasewere Grease pa Broadway. Ku Holland anafuna wosewera Evita chaka chomwecho, ndipo ku Canada wailesi ya CBC inasankha Elicia MacKenzie kukhala Maria mu mzinda wa Toronto mu 2008.

DANDAULO LOYAMBA: ULEMU WA NTCHITO

Oyamba kudandaula anali osewera eni ake. Bungwe la Equity linanena kuti mamembala ake akuona mpikisano wotere ngati wonyozetsa ntchito yao. Maganizo ao anali akuti munthu amaphunzira zaka zitatu pa sukulu ya zisudzo, naonjezera zaka zina akuvina kumbuyo kwa anzake ndi kudikira nthawi yake, tsono malo apamwamba akapezeka, aperekedwa ngati mphotho ya masewera a Loweruka madzulo. Iwo ankafunsa kuti, kodi ntchito ina iti imene imasankha mmisiri wake pa voti ya anthu odutsa m'njira?

Bambo Trevor Nunn, mmodzi wa otsogolera zisudzo olemekezeka m'dzikomo, amene anatsogolera Cats ndi Les Misérables, nayenso anaonetsa kunyansidwa kwake. Mfundo yao inali yakuti mapologalamu otere amadalira kuti oonera aone kuzunzika kwa wolephera. Kukanidwa ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku cha wosewera aliyense, koma m'chipinda chotseka chija munthu ankatuluka ndi ulemu wake. Pa kanema, misozi ya mtsikana wa zaka 18 ndiyo inasanduka ndiwo za pologalamu.

Okonza mipikisano nawonso ayenera kuti ankachidziwa chimenechi. Mu 2008, pofuna anyamata aang'ono atatu osewera Oliver mosinthana, sanalole kuti anawo achotsedwe ndi mavoti a oonera. Anawasankha Bambo Lloyd Webber ndi Bambo Mackintosh.

DANDAULO LACHIWIRI: KUNENERERA MALONDA

Dandaulo lolemera koposa linakhudza ndalama. BBC siulutsa zonenerera malonda pa mawailesi ake a m'dzikomo. Imayendera msonkho wa laisensi umene banja lililonse loonera kanema limapereka chaka ndi chaka, ndipo chifukwa cha ichi malamulo ake saloleza kukweza malonda a munthu mmodzi pamwamba pa a anzake.

Mu March 2008 Bambo Kevin Spacey, amene pa nthawiyo ankatsogolera nyumba ya zisudzo ya Old Vic, anadzudzula BBC poyera. Iwo anati mpikisano wa Nancy, ndi ina ija yapita, sinali kanthu kena koma kunenerera sewero limodzi kwa masabata 13, ndipo zimenezi zinali kupotoza msika wa West End. Anafunsa chifukwa chake nyumba zoonetsa zisudzo zolankhula sizipatsidwa mwai wonga womwewo, napempha kuti wailesiyo ibwezeretse mapologalamu a masewero atsopano onga Play for Today, amene ankaonetsedwa kuyambira 1970 mpaka 1984.

Dandauloli linali ndi pogwira. Nyumba za London Palladium ndi Theatre Royal Drury Lane, kumene kunaonetsedwa The Sound of Music, The Wizard of Oz ndi Oliver!, zinali za kampani ya Bambo Lloyd Webber, ndipo kampaniyo inalinso ndi gawo mu Adelphi Theatre. Chotero munthu mmodzi yemweyo ndiye anali woweruza wamkulu pa kanema, mwini nyumba, ndipo nthawi zina mwini sewero ndi wopeka nyimbo zake. Sewero la Oliver! lisanatsegulidwe mu January 2009, kunalengezedwa kuti matikiti a mapaundi 15 miliyoni anali atagulidwa kale. Mwina ena anagula pofuna kuona Rowan Atkinson, katswiri wa nthabwala uja wodziwika ndi dzina loti Mr Bean, amene anasewera mbali ya Fagin; komabe palibe mwini sewero wina amene akanatha kugula nthawi yochuluka chotero pa kanema Loweruka madzulo.

BBC inayankha kuti iyo inalibe phindu lililonse m'masewerowo, ndiponso kuti opikisana ankaimba nyimbo zochokera m'masewero ambiri, osati limodzi lokha. Yankholi linatonthoza ena, koma ena anaona kuti funso lenileni silinayankhidwe, pakuti ngakhale wailesi isapindule, wina wake anapindula ndi nthawi imene anthu onse analipira.

Panalinso dandaulo lofanana nalo. Masewero onse osankhidwira mipikisanoyi anali akale, odziwika kwa aliyense, pakuti oonera sangavotere mbali ya sewero limene sanalimvepo. Motero nyumba zazikulu zinadzala ndi masewero obwereza, ndipo wolemba wachinyamata wokhala ndi sewero latsopano anapeza makomo ochepa otseguka.

DANDAULO LACHITATU: KODI OONERA ANGASANKHE BWINO?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kanema amaonetsa munthu ali pafupi, akuimba nyimbo imodzi ya mphindi ziwiri kapena zitatu, sabata yonse ataikonzekera. Nsanja imafuna zina: mau ofika ku mpando wotsiriza, thupi lopirira maora awiri ndi theka, ndi luso losewera pamodzi ndi anzako. Zimenezi oonera ali pa mpando wa kunyumba sangaziyese. Kawirikawiri voti imatsata chifundo, nkhope yosangalatsa, nkhani yomvetsa chisoni ya moyo wa wopikisana, kapena chigawo chimene iye akuchokera, pakuti munthu amakonda mwana wa kwao.

Kusiyana kwa maso a akatswiri ndi maso a oonera kunaonekera poyera pa 31 May, 2008. Pa tsiku lotsiriza la mpikisano wa Nancy, Bambo Lloyd Webber ndi Bambo Mackintosh onse awiri ananena kuti mtima wao unali pa Jessie Buckley, mtsikana wa zaka 18 wa ku Killarney m'dziko la Ireland. Oonera anasankha Jodie Prenger. Mwini ndalama anayenera kulandira munthu amene iye mwini sanamusankhe, ndipo wopambanayo anayamba ntchito dziko lonse likudziwa zimenezo. Umenewu unali mtolo wolemera kwa onse awiri.

Nkhani ya mau a Connie Fisher nayonso inalowa m'mkanganowu. Mu 2007, atasewera miyezi ingapo, pakhosi pake panavuta, madokotala namuuza kuti apumule. Atabwerera anachepetsa masewero kufika 6 pa sabata, ndipo masiku enawo ankasewera Aoife Mulholland, mnzake wa mu mpikisano womwewo. Otsutsa anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Koma chilungamo chifuna kuti izinso zinenedwe: mu 2011, pamene mtsikanayo analengeza kuti sangathenso kuimba mbali ya Maria, zinadziwika kuti anali ndi vuto lobadwa nalo m'mitsempha ya mau. Vuto lotero likanamupeza ngakhale akanasankhidwa m'chipinda chotseka.

Ena anadandaula mbali ina. Mapologalamuwa ankakonda kuonetsa ngati opikisana atoledwa pa msewu, pamene ambiri a iwo anali ophunzira ntchito. Connie Fisher anatsiriza maphunziro pa sukulu ya zisudzo ya Mountview asanayambe zogulitsa pa telefoni. Lee Mead analowa mpikisano akusewera kale mu The Phantom of the Opera, kumene ankagwirizira malo a mmodzi wa osewera akuluakulu. Achinyamata oonera akanatha kunyengeka n'kuganiza kuti kutchuka kumagwa ngati mvula, osadziwa za zaka za thukuta zobisika kumbuyo.

MAVOTI NDI CHIPEMBEDZO

M'zaka zomwezo chikhulupiriro cha anthu pa mavoti a pa telefoni chinagwedezeka. Mu 2007 kunaululika kuti m'mapologalamu ena a mawailesi a m'dzikomo munali chinyengo pa mipikisano yoimbira telefoni. Mu 2008 bungwe loyang'anira zoulutsa mau la Ofcom linalipiritsa ITV chindapusa choposa mapaundi 5 miliyoni, ndipo BBC inalipira mapaundi 400,000. Milandu imeneyi sinakhudze mipikisano ya zisudzo za nyimbo, koma inaphunzitsa oonera kufunsa amene amawerenga mavoti, ndi kumene ndalama za telefoni zimapita.

Mpikisano wa 2012 unadzutsa funso la mtundu wina. Bambo Tim Rice, amene analemba mau a nyimbo za Jesus Christ Superstar, anatsutsa poyera maganizo a mnzao wakale, nati kufuna wosewera Yesu mwa mpikisano wa pa kanema n'kosayenera. Kwa iwo zinali zosamveka kuti oweruza aziuza anyamata amene akuyenera kukhala Yesu ndi amene sakuyenera, anthu akuomba m'manja. Mpikisano unachitikabe, ndipo sewerolo linayendayenda m'mabwalo akuluakulu kuyambira ku O2 Arena mu London mu September chaka chomwecho.

MAYANKHO A OIKIRA KUMBUYO

Mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Oikira kumbuyo mipikisanoyi ali ndi mfundo zao zosapeputsika.

Yoyamba ndi yakuti chipinda chotseka chija sichinali chachilungamo monga amachitamandira. Chinkatsegukira okhawo odziwika kwa akuluakulu, okhala pafupi ndi London, ndi okhala ndi wowalankhulira. Connie Fisher anali ndi maphunziro onse, koma makomo ankamutsekera mpaka anakagulitsa malonda pa telefoni. Mpikisano ndiwo unamuonetsa ku dziko, ndipo olemba za zisudzo m'manyuzipepala, amene ambiri ankayembekeza kuti amunyoza, anamuyamikira mpaka kumupatsa mphotho yao ya wosewera watsopano wopatsa chiyembekezo.

Yachiwiri ndi yakuti njira ina imene eni masewero akanatsata siinali yolemekeza ntchito kuposa iyi. Popanda mpikisano, malowo akanapatsidwa katswiri wa mafilimu kapena wa pa kanema chifukwa cha dzina lake, kaya amatha kuimba kaya satha. Mpikisano unapanga dzina latsopano m'malo mogula lakale.

Yachitatu ndi ya oonera atsopano. Mabanja amene sanapondepo m'nyumba ya zisudzo anakwera sitima kupita ku London kukaona mtsikana kapena mnyamata amene anamuvotera. M'chaka cha 2007 anthu olowa m'nyumba za zisudzo za mu London anapitirira 13 miliyoni, chiwerengero chimene chinali chisanafikidwepo. Sikuti onsewo anabwera chifukwa cha kanema, koma mipikisano inathandizapo. Ndipo sewero likadzaza nyumba, amene amadya si wosewera wamkulu yekha, komanso ovina, osoka, oimba zing'wenyeng'wenye ndi ogulitsa matikiti. Ngakhale Grease ya ku Broadway, imene olemba nkhani ambiri anaidzudzula, inakhala ikuonetsedwa kupitirira chaka chathunthu.

ZIMENE ZAKA ZAONETSA

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Papita zaka zokwanira tsopano kuti zipatso zioneke, ndipo zina mwa izo n'zodabwitsa.

Opambana ambiri anakhazikika pa ntchito. Lee Mead anasewera m'masewero ena a West End ndi a pa kanema. Jodie Prenger anagwira mbali ya Nancy mokondweretsa oonera, ndipo mu 2022 analowa m'sewero la pa kanema la Coronation Street. Laura Osnes anatchulidwa kawiri pa mndandanda wa oyembekezera mphotho ya Tony, imene ndi yapamwamba pa Broadway. Connie Fisher, mau atamuthera, anatembenukira ku ntchito yokonza mapologalamu a pa kanema.

Koma amene anafika kutali koposa ndi ena mwa olephera. Jessie Buckley anapemphedwa kuti akhale wogwirizira malo a Nancy, koma anakana. Amene anamulemba ntchito chaka chomwecho cha 2008, m'sewero la A Little Night Music, anali Bambo Trevor Nunn, omwe aja anadzudzula mipikisano. Pambuyo pake mtsikanayo anabwerera ku sukulu, natsiriza maphunziro pa Royal Academy of Dramatic Art mu 2013. Mu 2022 anatchulidwa pa mndandanda wa mphotho ya Oscar chifukwa cha filimu ya The Lost Daughter, ndipo chaka chomwecho analandira mphotho ya Olivier pa sewero la Cabaret. Samantha Barks wa ku Isle of Man, amene anakhala wachitatu mu mpikisano womwewo, anasewera Éponine mu filimu ya Les Misérables mu 2012, ndipo mu 2021 anatsogolera sewero la Frozen ku Theatre Royal Drury Lane, nyumba yomwe ija anaiphonya mu 2008. Rachel Tucker wa ku Belfast, amene anachotsedwa tsiku lotsiriza lisanafike, anakasewera mbali yaikulu ya Wicked mu London ndi pa Broadway pomwe.

Mbiri imeneyi siipatsa chipambano mbali imodzi. Oikira kumbuyo angathe kuloza atsikanawa ndi kunena kuti popanda kanema dziko silikanawadziwa msanga. Otsutsa nawo angathe kuyankha kuti voti siinaone zimene akatswiri anaona, ndiponso kuti Jessie Buckley, ngakhale anatchuka m'masabata ochepa, anaona kuti m'pofunikabe kukakhala pa benchi ya sukulu zaka zitatu. Pa funso la Bambo Spacey, lokhudza wailesi ya anthu onse ndi malonda a munthu mmodzi, palibe yankho lokhutiritsa onse limene linapezeka. BBC inaleka mipikisano ya Bambo Lloyd Webber utatha wa 2010, ndipo ina mwa imene inatsatira ku Britain, wa Superstar ndi wa sewero la Mamma Mia! mu 2023, umene anapambana Stevie Doc ndi Tobias Turley, inaonetsedwa pa ITV, wailesi imene imakhalira malonda poyera.

Omvera amene amatsata mipikisano ya oimba kulikonse kumene ili, natumiza mavoti ao pa telefoni, angatolepo kanthu pa nkhaniyi. Woonera wanzeru amasangalala ndi nyimbo, komanso amafunsa amene akupindula ndi voti yake, ndi mmene akusamalidwira mwana wa eni ake amene wachotsedwa usiku umenewo. Wachinyamata wofuna kulowa mpikisano ayenera kudziwa kuti voti ingathe kumukweza pa nsanja, koma siingamuimbire. Makina ojambulira akazimitsidwa ndi oweruza akapita kwao, Lolemba madzulo chinsalu chimatseguka, ndipo pagule fumbi ndiwe mwini.